Beni: pelete amene adasanduka gule

Ambiri a ife a ku Sadzi timadutsa pa chipilala cha asilikali a King's African Rifles mu Zomba muno osachicheukira n'komwe. Komatu nkhondo imene chipilalacho chimakumbutsa idatisiyiranso cholowa china: gule wa beni.

Beni adabadwira m'matauni a Aswahili monga Mombasa cha m'ma 1890, anyamata akutsanzira mabandi a asilikali achizungu. Dzinalo likuchokera ku liwu loti bandi. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, asilikali ndi amtengatenga amene adakalimbana ndi Ajeremani ku Tanganyika adathandiza kumufalitsa kuno, ndipo adamera mizu pakati pa Ayao a ku Zomba ndi Mangochi. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi mbale wake.

Sukulu yake idali bwalo basi. Mwana ankaima kumbuyo kwa mzere n'kumaonera phazi la mkulu wake, amayi akupolokoza nyimbo. Motero pelete wa mzungu, uja wokwinya nkhope, adasanduka chisangalalo cha mudzi wonse.

Anzathu a ku Tibet adaona msanga kuti gule amatha akasowa womuphunzira. Dalai Lama atathawira ku India mu 1959, chaka chomwecho adakhazikitsa sukulu ya nyimbo ndi magule, yomwe lero ili ku Dharamsala.

Ife sitidathawe dziko ayi. Koma ng'oma ya beni ikalira, kodi kumbuyo kwa mzere kukuima mwana wa yani?