Mipingo ndi Othaŵa Nkhondo a ku Mozambique

Dera la Mfumu Katuli, kum'maŵa kwa boma la Mangochi, lachita malire ndi chigawo cha Niassa cha dziko la Mozambique. Malireŵa anadutsa pakati pa Ayao, kotero kuti mbali zonse ziŵiri kuli anthu apachibale.

Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itafika poipa m'chaka cha 1986, anthu anayamba kukhamukira m'maboma a m'malire, kuphatikizapo Mangochi. Oyamba kuwalandira anali anthu wamba a m'midzi, Asilamu ndi Akhristu omwe. Pofika 1992, Malaŵi anali kusunga othaŵa nkhondo oposa 1 miliyoni, chonsecho kalembera wa 1987 anapeza kuti anthu m'dziko muno anali pafupifupi 8 miliyoni basi. Minda inachepa, nkhuni zinasoŵa, ndipo chilala cha 1992 chinakulitsa njala.

Chakudya chambiri chinkachokera ku mabungwe a United Nations ndipo chinkagaŵidwa ndi a Red Cross. Mipingo nayo inathandizapo kudzera m'mabungwe ake monga Christian Service Committee.

Komabe thandizo loposa lonse kwa wothaŵa nkhondo ndilo kumutsegulira njira yakwawo. Gulu la Akatolika la Sant'Egidio la ku Rome, pamodzi ndi Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira, linakhala m'gulu la amkhalapakati kwa zaka ziŵiri, mpaka Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere pa 4 Okutobala 1992. Pofika 1995, pafupifupi onse anali atabwerera. Akuluakulu sananame: mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.