Nkhoswe ya Makala: Mbiri ya Kufooka ndi Kukhalitsa Kwake

Munthu woyenda mbandakucha m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, nkhungu isanachoke m'zigwa ndipo othyola masamba akulowa m'mizere madengu ali kumsana, amaona utsi ukufuka pa fakitale pamene nkhuni za bulugamu zikuponyedwa m'ng'anjo kuti tiyi aume. Ndipo angakhale iye sadziwa, zinthu ziwiri zimene zasowetsa tulo akatswiri a maiko akutali kwa zaka 60 zili pamaso pake pomwepo, ndizo kaboni wa m'makala otsala m'ng'anjomo, ndi nayitirojeni wa m'feteleza wothira patsinde pa tiyi.

Chiyambi cha nkhaniyi ndi chaka cha 1839, pamene William Grove wa ku Britain anaonetsa kuti magetsi angathe kupangidwa popanda lawi la moto, mwa kukwatitsa mpweya wa hayidirojeni ndi wa okosijeni, ndipo mwana wobadwa pa ukwatiwo ndi madzi okha. Chipangizo chotere ndicho chitchedwa fuel cell. Koma monga kwathu kuno banja silimangidwa popanda ankhoswe, momwemonso mipweya iwiriyi, makamaka okosijeni amene ali wamphwayi, siigwirizana msanga popanda mkhalapakati. Ndipo nkhoswe imene Grove anaipeza inali pulatinamu, chitsulo chosowa ndi cha mtengo wapatali, chimene chochuluka chake lerolino chikumbidwa ku South Africa, dziko lomwe makolo athu ankalitcha Joni popita pa Wenela. Ngakhale Francis Bacon wa ku Cambridge anakonza chipangizo champhamvu mu 1959, chimene mbadwa zake zinapatsa magetsi ndi madzi akumwa kwa anthu opita kumwezi mu 1969, funso linatsalabe lakuti: kodi nkhoswe yotsika mtengo idzachokera kuti?

Mu 1964 Raymond Jasinski anapeza kuti mankhwala ena a utoto, okhala ndi chitsulo cha kobati chozingidwa ndi nayitirojeni, angathe kugwira ntchito ya unkhoswewo. Koma anali chikomekome cha mkuyu, pakuti m'madzi a asidi ankaphwasuka posakhalitsa. Zaka za m'ma 1970 zisanathe, akatswiri a ku Germany anazindikira kuti kuwotcha mankhwalawo popanda mpweya, monga achitira wootcha makala pokwirira uvuni wake ndi dothi, kumawalimbitsa. Ndipo mu 1989 gulu la Ernest Yeager ku Cleveland linaonetsa kuti sikufunika utoto wodulawo ayi, koma kaboni, nayitirojeni ndi chitsulo pang'ono, zootchedwa pamodzi. Chaka cha 2009 chinadza ndi chimwemwe chachikulu, pamene Jean-Pol Dodelet ku Canada ndi Liming Dai ku America, aliyense payekha, anatulutsa makala amene mphamvu yawo inayandikira ya pulatinamu. Ndipo mu 2011 gulu la Piotr Zelenay ku Los Alamos linayendetsa makala ake maola 700, pamene opanga galimoto ankafuna maola 5,000.

Apa ndipo pagona nkhani. Walira mvula walira matope: makala amene ali achangu koposa tsiku loyamba ndiwo kawirikawiri afooka msanga, ndipo adani awo, monga njenjete ndi dzimbiri, amadya mwakachetechete kuchokera m'kati. Woyamba ndi asidi, amene amasungunula timbewu ta chitsulo n'kutizula pakati pa nayitirojeni wotigwira, kotero kuti malo ogwirira ntchito atsala bwinja. Wachiwiri ndi woipitsitsa, pakuti abadwira m'nyumba momwemo: pamene ukwati uja sunathe bwino, m'malo mwa madzi mumatuluka hydrogen peroxide, ndipo iyeyu akakomana ndi chitsulo, monga anaonera Henry Fenton kalekale mu 1894, amabala tizidutswa taukali timene timalumaluma kaboni yemwe wasunga chitsulocho. Wachitatu ndi kunyeka kwa kaboni mwini wake, kumene kumakula pozimitsa ndi poyatsa chipangizo, makalawo n'kumasanduka mpweya pang'onopang'ono popanda utsi kapena phulusa. Ena anenanso za madzi odzaza timauna ta m'makalamo, n'kutseka njira ya okosijeni. Chifukwa chake ofufuza a masiku ano akuyesa kobati ndi manganizi m'malo mwa chitsulo wamba, akuthira zomeza tizidutswa tija, ndipo akuotcha kaboni pamoto woopsa kuti akhwime. Komabe galimoto yoyendera fuel cell ngati Toyota Mirai, yotuluka mu 2014, ikudalirabe pulatinamu.

Phunziro limeneli si lachilendo kwa anthu a ku Thyolo. Chiyambire pamene Maclean Kay anakhazikitsa munda wa Satemwa mu 1923, wodzala tiyi wadziwa kuti chitsamba chake chiyenera kubala zaka makumi ambiri, chikudulidwa ndi kuphukanso. Ndipo mbewu yatsopano yochokera kwa akatswiri a tiyi a ku Mimosa, ku Mulanje, siivomerezedwa chifukwa cha kubiriwira kwa chaka choyamba, koma itapirira chilala ndi mphepo ya chiperoni nyengo zambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Makala a nayitirojeni aonetsa kale changu chawo, koma mlandu wa kupirira kwawo ukadali m'bwalo, ndipo kufikira utagamulidwa, unkhoswe ukhalabe m'manja mwa pulatinamu.