Mbiri ya Makalabu a Ophunzira m'Masukulu a Kumidzi ku America Kufikira pa Nkhondo Yachiwiri

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, sukulu ya kumudzi ku United States idali ya kuwerenga, kulemba ndi masamu basi. Belu loweruka likalira, mwana ankalunjika kumunda kwa makolo ake. Mmodzi mwa amene adayamba kusintha zimenezi ndi A. B. Graham, woyang'anira masukulu m'dera lina la boma la Clark ku Ohio. Mu Januwale 1902 iye adasonkhanitsa anyamata ndi atsikana kunja kwa nthawi ya maphunziro, nayamba kuwaphunzitsa kuyeza nthaka, kusankha mbewu ya chimanga ndi kusamala dimba. Kalabu ya kumudzi idabadwira m'munda, ndipo mwana ankadziwika ndi zimene wakolola.

Nzeruyi idafalikira msanga. Mu 1910 mphunzitsi Marie Cromer wa ku South Carolina adayambitsa kalabu ya atsikana olima tomato ndi kumusunga m'zitini. Chaka chomwecho, m'chigawo chomwecho, mnyamata Jerry Moore adakolola chimanga chokwana matumba a makilogalamu 50 oposa 110 pa ekala imodzi, akuluakulu nagwira pakamwa. Mu 1914 lamulo la Smith-Lever lidakhazikitsa alangizi a zaulimi m'maboma, ndipo makalabu a ana adalowa m'manja mwawo. Ndiwo adadzatchedwa 4-H, okhala ndi chizindikiro cha masamba anayi oimira mutu, mtima, manja ndi thanzi.

Chaka cha 1917 chidabweretsa zinthu ziwiri. Lamulo la Smith-Hughes lidapereka ndalama zolembera aphunzitsi a zaulimi ndi a zapakhomo m'masekondale. Kenaka mu Epulo dzikolo lidalowa m'nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo mu Sepitembala pulezidenti Woodrow Wilson adalengeza za Junior Red Cross, nthambi ya ana a sukulu. Apa mpamene ophunzira adayambira kuluka masokosi a asilikali ndi kusonkha ndalama. Nkhondoyo idatha mu Novembala 1918, koma boma lidatolapo phunziro lakuti ana a sukulu ali m'magulu kale, ndipo kuwaitana sikuvuta.

Zaka za mtendere zidakhwimitsa makalabuwa. Mu 1928 anyamata 33 ochokera m'zigawo 18 adakumana ku Kansas City nakhazikitsa Future Farmers of America (FFA), bungwe la ophunzira zaulimi. Poti masukulu a kummwera adali osankhana mitundu, anyamata akuda adakhazikitsa lawo ku Tuskegee mu 1935, lotchedwa New Farmers of America. Zamasewero nazo zidapeza njira. Sekondale ya kumudzi nthawi zambiri idali ndi ophunzira makumi owerengeka chabe, osakwana kupanga timu ya anthu 11 ya mpira wa kumeneko wogwira ndi manja. Choncho mu 1934 mphunzitsi Stephen Epler wa ku Chester, Nebraska, adakonza malamulo a mpira wa anthu 6 mbali iliyonse. Pasukulu zotere mwana mmodzi yemweyo ankaimba kwaya, kusewera mpira, kulemba nyuzipepala ya sukulu ndi kuweta nkhumba ya kalabu, chifukwa akasowa mmodzi, zonse zinkaima.

Japan itaphulitsa doko la Pearl Harbor pa 7 Disembala 1941, America n'kulowa m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, zoyamba kusowa zidali matayala. Boma lidayamba kuwagawa mwamuyeso mu Januwale 1942, ndipo pofika Disembala petulo naye adali wamuyeso m'dziko lonse. Kwa sukulu yotalikirana ndi inzake, limeneli lidali vuto lalikulu: maulendo a mpira, a bandi ndi a mitsutso adachepa, ena nathetsedwa. Aphunzitsi aamuna adapita ku usilikali kapena ku mafakitale, ndipo aakazi otsalawo adasenza makalabu onse pamwamba pa makalasi awo.

Mu Sepitembala 1942 mkulu wa zamaphunziro m'dzikolo, John W. Studebaker, adakhazikitsa High School Victory Corps kuti zochita za ophunzira ziloze ku nkhondo. Bungweli lidali ndi nthambi za mlengalenga, za pamtunda, za panyanja, za kupanga katundu ndi za kutumikira anthu a m'dera, ndipo linkalimbikitsa kulimbitsa thupi, masamu ndi sayansi. Komabe kumudzi ntchito yeniyeni idagwiridwa ndi makalabu akale aja. Anyamata a zaulimi ankakonza makina olimira akutha, poti atsopano sankapezeka. A 4-H mu 1943 adadzipatsa cholinga chakuti membala aliyense alime kapena kuweta chakudya chokwanira msilikali mmodzi. A ukalipentala ankasema ndege zazing'ono zamatabwa ndi kuzipaka utoto wakuda, pakuti asilikali a panyanja adapempha masukulu ndege zotere 500,000 zophunzitsira anthu kusiyanitsa ndege ya mdani ndi ya kwawo ikali patali.

Kudalinso kutolera zitsulo zotha ntchito, ndipo apa akumudzi adaposa a m'tauni, chifukwa kuseri kwa khola lililonse kudali pulawo yothyoka. Ku Nebraska, mpikisano wa maboma umene udayambitsidwa ndi Henry Doorly wa nyuzipepala ya Omaha World-Herald mu 1942 udasonkhanitsa matani 67,000 m'masabata atatu. M'makalasi ana ankagula masitampa a masenti 10 ndi kuwamata m'kabuku. Akakwana madola 18.75 ankasinthanitsa ndi chikalata chokongoza boma ndalama, chodzabweza madola 25 patapita zaka khumi.

Ntchito yoyenera ana a kumudzi kuposa zonse idafika mu 1944. Majekete oyandamitsa munthu pamadzi ankadzazidwa ndi ubweya wa mtengo wa kapok wochokera ku Java, chilumba chimene Japan idalanda mu 1942. Akatswiri adapeza kuti ubweya wa m'zibalobalo za milkweed, thengo limene alimi ankadana nalo, nawonso umayandama. Ophunzira adamwazikana m'mphepete mwa misewu ndi njanji kuthyola zibalobalozo, kuziyanika m'matumba a anyezi pamipanda, ndi kuzitumiza ku fakitale ya ku Petoskey, Michigan. Matumba awiri ankakwanira jekete imodzi.

Ana amenewa ankawadziwa amene akuwagwirira ntchito. Kuyambira Novembala 1942 boma linkalemba usilikali anyamata a zaka 18, motero amene adali kaputeni wa timu chaka chatha, chaka chino adali kutsidya la nyanja. Nyuzipepala ya sukulu inkasindikiza mayina ndi makalata awo, ndipo inkatumizidwa kwa iwo komweko. Pakhoma pankapachikidwa mbendera ya nyenyezi: yabuluu ya amene ali kunkhondo, yagolide ya amene wafa. Mamembala a Future Farmers of America oposa 138,000 adalowa usilikali pankhondoyi.

Victory Corps idathetsedwa mu 1944, nkhondo isadathe n'komwe, koma makalabu amene adaitsogolera kubadwa adapitirira. Mu Juni 1945 atsikana ophunzira zapakhomo adapeza bungwe lawo la dziko lonse, Future Homemakers of America. Zaka zotsatira, masekondale ang'onoang'ono ambiri adaphatikizidwa kukhala masukulu aakulu ofikako pa basi. Mabungwe awiri a anyamata a zaulimi, la azungu ndi la akuda, adakhala limodzi mu 1965, ndipo mu 1969 atsikana adaloledwa kulowamo. Lero 4-H ndi FFA akadalipo, ndipo mpira wa anthu 6 ukuseweredwabe m'midzi ya ku Nebraska, Montana ndi Texas.