Mabakiteriya ndi chiyambi cha mpweya wopuma: zimene ana a ku Harare angaphunzire

HARARE – Ana ambiri a ku Mbare ndi madera ena othithikana a mzinda wa Harare amamva za tizilombo tosaoneka ndi maso pa nkhani ya matenda basi, makamaka chichitikireni mliri wa kolera wa mu 2008 ndi 2009, womwe unapha anthu oposa 4,000 m'dziko la Zimbabwe. Komatu tina mwa tizilomboti ndi timene tinabweretsa mpweya umene anthu amapuma.

Dziko lapansi lakhalapo zaka pafupifupi mabiliyoni 4.5, ndipo kwa nthawi yaitali mumlengalenga munalibe okosijeni. Amene anasintha zinthu ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria, omwe amapanga chakudya chawo pogwiritsa ntchito dzuwa, madzi ndi mpweya wa carbon dioxide, n'kumatulutsa okosijeni. Mpweyawu unayamba kuchuluka zaka pafupifupi mabiliyoni 2.4 zapitazo, ndipo lero ndi 21 peresenti ya mpweya wonse.

Umboni wa zamoyo zakalezi ukupezeka m'miyala ya ku Zimbabwe. Kudera la Belingwe, kufupi ndi Zvishavane, kuli miyala ya mizeremizere yotchedwa stromatolite ya zaka pafupifupi mabiliyoni 2.7, yomwe inapangika pamene magulu a mabakiteriya ankasanjikiza matope ndi laimu m'madzi osaya. Katswiri wa za miyala, A. M. Macgregor, analemba za miyala yotereyi ya kufupi ndi Bulawayo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940.

Cyanobacteria alipobe. Ndiwo amabiriwiritsa nyanja ya Chivero, komwe kumachokera madzi ambiri a mu Harare, pomwe zonyansa za m'masuweji zimawachulukitsa mopyola muyezo mpaka kutulutsa poizoni. Mu Disembala 2024 bungwe la ZimParks linalengeza kuti zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a m'nyanjayi.

Mphunzitsi angathe kuonetsa ana zonsezi popanda zida zodula. Ndere za m'dziwe zikaikidwa m'botolo la madzi padzuwa zimatulutsa timathovu ta okosijeni, ngakhale madziwo ndi osayenera kumwa. Nazonso nyemba ndi mtedza zogulitsidwa pa Mbare Musika zimachokera ku mbewu zokhala ndi timatuza kumizu, momwe mabakiteriya ena amasandutsa nayitirojeni wa mumpweya kukhala chakudya cha mbewuyo. Motero mwana amadziwa kusiyanitsa tizilombo toyenera kupewa ndi timene moyo umadalira.