Kuchokera ku London kudzafika pa nyanja yathu

Pakati pa London ndi Blantyre pali makilomita oposa 8,000 tikayeza molunjika mumlengalenga. Mtunda umenewu sunasinthepo chiyambire. Chimene chakhala chikusintha ndi nthawi imene munthu amatenga kuti awudutse, ndipo nyanja yathu ndi mboni ya mbiri imeneyi.

Mu Meyi 1875, Dr Robert Laws ndi anzake ananyamuka ku London ndi zidutswa za sitima ya Ilala. Anadzera mu Zambezi ndi mu Shire. Pa mathithi sitimayo inaphwasulidwa, makolo athu mazanamazana n'kuisenza pamutu. Anafika ku Cape Maclear mu Okutobala, patatha miyezi isanu. Mishoni yawoyo ndi imene inadzasamukira ku Bandawe, kenako mu 1894 ku Khondowe, m'boma lino la Rumphi.

Mu Novembala 1949, pagombe lomwelo la Chembe panayamba kutera ndege za BOAC zotera pamadzi, zotchedwa Solent. Zinkachokera ku Southampton kupita ku South Africa, zikupumira ku Egypt, ku Khartoum ndi pa nyanja ya Victoria. Ulendo wa miyezi unasanduka wa masiku osakwana sabata. Koma mipando yake sinali ya asodzi amene ankazionerera ali m'mabwato, ndipo patangotha chaka ndegezo zinaleka kubwera.

Titalandira ufulu mu 1964 tinakhala ndi kampani yathu, Air Malawi. Mu Disembala 1974 ndege yake ya VC10 inayamba kuuluka kuchokera pa Chileka mpaka pa Gatwick ku London, ulendo wosakwana tsiku lathunthu. Ulemu unalipo, koma ndalama zoyendetsera ndegeyo zinalemera, ndipo mu 1979 inaimitsidwa. Kampaniyo inatha mu 2013.

Lero palibe ndege yolunjika pakati pa Malawi ndi London. Wochokera kumeneko amasinthira ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Akatsika pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, amakhala atatsala ndi makilomita pafupifupi 400 apamsewu, kudzera ku Mzuzu, kuti afike pa Rumphi Boma pano. Kachigawo komalizaka kamadya pafupifupi tsiku lonse.

Izi zikutikhudza chifukwa ana athu ambiri ali kunja, ndipo maliro athu sitiwagoneka masiku. Uthenga wa imfa umafika pa foni nthawi yomweyo, koma mwana amapeza bambo ake ataikidwa kale. Choncho mtunda tisamauyese ndi makilomita okha. Tiuyesenso ndi mtengo wa tikiti, maola odikira pa bwalo lachilendo ndi msewu wotsala. Amene muli kutali, musadikire uthenga wa maliro: bwerani makolo akadali ndi maso okuonani.