Zimbale zoyamba za Genesis, Yes ndi King Crimson

Chimbale choyamba cha Genesis, From Genesis to Revelation, chinatuluka mu 1969. Ambiri mwa oyimbawo anali anyamata a pasukulu ya Charterhouse ku England, osakwana n'komwe zaka 20. Jonathan King, amene anawajambulitsa, ankafuna tinyimbo tifupitifupi tofewa, ndipo anathiramo mavayolini eni ake osakondwa nazo. Chikuto chinali chakuda bii, chopanda dzina la gululo, moti masitolo ena anachiika pamodzi ndi nyimbo zauzimu. Malonda ake sanayende. Ine ndikachimvetsera, Genesis ya m'chimbale chawo china, Foxtrot, sindiimvamo, kupatula mawu osasa a woyimba wawo, Peter Gabriel.

A Yes anayambako bwino chaka chomwecho. Anabwereka nyimbo ya Beatles, Every Little Thing, n'kuitambasula mpaka kusanduka ina, besi ya Chris Squire ikuchita kulamulira. Koma ankafufuzabe njira.

King Crimson yokha ndiyo inabadwa ndi mano. Chimbale chake, In the Court of the Crimson King, cha mu Okutobala 1969, chinafika pa nambala 5 ku Britain, ndipo gululo linagawikana chaka chisanathe. Pa zitatuzi, chokhwima ndi chimenechi.