Peni ya Inki ya ku Kamwala

Mwezi watha ndinagula peni ya inki m'sitolo ina ku Kamwala. Yachokera ku China, thupi lake ndi la dothi lowotcha, loyera ndi lozizira m'dzanja ngati kapu ya tiyi. Mtengo wake sunapose wa mabando a intaneti a sabata imodzi. Nditafika nayo kwathu ku Chelstone, ambuya anaitembenuzatembenuza, nati: "Mdzukulu wanga, kale ichi chinali cha akalaliki."

Ambuya anakulira ku Kabwata. Lusaka itakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, antchito akuda anapatsidwa tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu kumeneko, tina mwa ito tikadalipo ku Kabwata Cultural Village. Azungu anadzakhala ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Kusiyanaku kunafika ndi pa cholembera. Kusukulu ya ambuya, mwana amaviika nsonga ya chitsulo m'kabotolo ka inki kokhala pabowo la desiki, ndipo dontho likagwera pa buku, chikwapu chimalira. Peni yosunga inki m'mimba mwake, monga Parker 51 yomwe inatuluka mu 1941, inali ya bwana, mphunzitsi kapena kalaliki. M'masitolo ambiri a mu Cairo Road, munthu wakuda amagulira pa kawindo.

Inki yomweyo ndiyo imalemba dzina pa chitupa, chikalata chimene munthu wakuda amayenda nacho. Mu 1961, nthawi ya Cha Cha Cha, anthu anatentha zitupa zawo. Komanso ndi inki imene bambo awo a ambuya amalembera anzawo osadziwa kulemba makalata opita ku Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata.

Ulemu wa peniyi unatsitsidwa ndi zinthu ziwiri. Mu 1950 Marcel Bich wa ku France anayamba kugulitsa Bic Cristal, yosafuna botolo. Kenaka kampani ya Hero ya ku Shanghai inapanga mapeni otchipa ofanana ndi Parker 51. Ambuya akuti Hero yawo yoyamba anaigwira m'zaka zomwe Atchaina amamanga njanji ya TAZARA, pakati pa 1970 ndi 1975. Yanga yadothiyi ndi mdzukulu wa imeneyo.

Kulemba nayo kumafuna ulemu. Sukanikiza, umangoiyendetsa. Umadikira inki iume usanatembenuze tsamba. Ukaigwetsa pa simenti, yatha.

Nanga ndivutikiranji, foni ilipo? Ambuya ali ndi chitini cha mabisiketi momwe muli makalata a bambo awo. Mapepala anafiira, koma mawu onse amawerengeka, ndipo umaona pamene dzanja linanjenjemera polengeza maliro. Ine foni yanga inabedwa m'minibasi chaka chatha, ndipo mauthenga onse a malemu achimwene anga anapita nayo. Palibe ngakhale liwu limodzi linatsala.

Ndiye madzulo alionse ndimakhala pakhonde ndi kope, ambuya akusimba za Kabwata, ine ndikulemba. Akathamanga ndimati, "Pang'onopang'ono ambuya, inki isanaume." Amaseka, n'kubwereza. Dzulo tinafika tsamba 40, pa dzina la mudzi wa amayi awo, limene ngakhale mayi anga samalidziwa.